Zilembo Ziwiri

Laputopuyi anandipatsa ndi dona wa ku Linden
tsiku limene ankakonza m'galaja,
pamodzi ndi nsapato za malemu mwamuna wake.
"Imayakabe," anatero, "koma ili ndi zake."

Zakezo ndinazipeza usiku womwewo
m'kachipinda kanga kakuseri ku Turffontein.
Tiyi wa chaka chinachake anaumira pansi pa mabatani
n'kupha M ndi N, anansi oyandikana khomo,
maliro awiri pa mzere umodzi.

Ndinalemba moni, panatuluka "oi".
Ndinati ndili bwino, iyo inati "dili bwio"
ngati munthu wolankhula mbatata yamoto ili m'kamwa.
Ndalama zinasanduka "dalaa",
zochepa kale, n'kuchepanso.
Mwana wanga anakhala "waa waga",
kalata kulira yokha ngati khanda.
Koma nditalemba Amayi
n'kuona "Aayi" akundiyang'ana pa galasi,
ndinaitseka.
Zaka zisanu ndi chimodzi osaponda ku Ntcheu,
kalata yanga iyambe ndi kukana?

Foni ilipo, ndikudziwa.
Koma mawu a pafoni amauluka,
iwo amafuna pepala loti apinde panayi
n'kusunga m'buku lawo la nyimbo,
ndipo dzanja langali linazolowera fosholo,
cholembera chimalithawa.

Loweruka ndinatsika takisi pa Bree
n'kudzipanikiza m'chikhamu cha Small Street.
Kabeya, Mkongo wa zingwe m'khosi,
anavuula kiyibodi pansi pa katoni,
yakuda, yolemera, fumbi lili mbuu,
anaipuzira kawiri. Marandi sikisite.

Kufika kunyumba, mutu wa chingwe ndi wozungulira,
wapepo, timano tisanu ndi kamodzi m'kati.
Mabowo a laputopu onse ndi amakona.
Ndinayesa kumanja, ndinayesa kumanzere,
ndinaitembenuza chagada ngati mbuzi ya pamsika.
Osalowa.

Lolemba Kabeya anaseka mpaka kugwira tebulo.
"Awiriwa sadziwana, m'bale."
Anandipatsa kachingwe kotalika ngati chala,
uku kozungulira, uku kamakona.
Ndinati kwathu ameneyu timamutcha nkhoswe.
Anati kuno nkhoswe ndi marandi sate.

Madzulo ake magetsi anathima,
ndipo batire la nkhalambayi linafa kale dona asanamasiye.
Ndinakhala mu mdima, kiyibodi pamiyendo,
kuyeseza mawu pa mabatani osayaka,
mpaka firiji ya Mzimbabwe wa chipinda chinacho inabuula
kuti abwera.

Laputopu pa chidebe chovundikira.
Chingwe mwa nkhoswe, nkhoswe m'bowo.
Inaganiza nthawi yaitali,
monga amachitira wa pawindo ku Home Affairs
akagwira pepala lako osakuyang'ana kumaso.
Ndinapeza ndasiya kupuma.
Kenako kanyali kobiriwira, phethi.

Ndinadina M, chala n'kuiwala kuchoka:
mmmmmmmmmm
mpingo wonse kung'ung'udza nyimbo isanayambe.
N naye anadzuka, nnnn, wamakani ngati kale.
Mabatani ake ndi aphokoso, khakhakha ngati matalala pa malata,
Mzimbabwe anagogoda khoma.
Pepani, achimwene, ndaukitsa akufa.

W wa chipewa yekha ndiye palibe,
pa yakale ngakhale pa yatsopano,
choncho dziko lathu ndalilemba mutu uli pamtunda.
Lindikhululukira, nanenso chipewa ndinachivula pa Beitbridge.

Amayi.
Ndalemba, ndawerenga, zilembo zonse zili pamalo.
Ndili bwino. Ndalama nditumiza ndi Lekeleni wa basi.
Mwana wanga Mwandida azivala juzi, Juni wayandikira.
Ndibwera

Kamzere kaima pamenepo, kakuphethira,
kakudikira dzina la mwezi.
Ndayang'ana mabatani onse zana ndi anayi,
amoyo okhaokha,
ndipo tsopano ndilibe wonamizira.