Phokoso la Pansi

Situdiyo yanga ili kuseri kwa shopu ya matayala ku Mtendere,
chipinda chimodzi, mathireyi a mazira pakhoma,
matiresi akale otseka zenera
kuti wowotcherera zitsulo wa tsidya lija asalowe m'nyimbo za anthu.
Amalowabe.

Lachiwiri, magetsi atangobwera,
anafika mayi wina, Tikambenji, foni atakulunga m'mpango.
Akuti muli mawu a Lekani, masekondi makumi anayi ndi awiri,
anawatumiza ali pa siteshoni ya Kulima Tawa
milungu itatu asanamuperekeze ku Chingwere.
"Mundichotsereko phokoso.
Mwana akufuna kumva bambo ake bwinobwino."

Ndinalumikiza kebulo, ndinavala mahedifoni.
Pa sikirini mawu anaoneka ngati minga ya nsomba,
nsonga zonse zometedwa, zofiira.
Ife timati zakilipa,
munthu akafuula kuposa momwe maikolofoni angapirire.
Lekani anali kondakitala. Kunong'ona sankakudziwa.

Ndinayamba ndi ikwalaiza.
Ndinadula bezi, injini ya basi inafa.
Ndinatsitsa tirebulo, mluzu wa anyamata oitanira unazimirira.
Ndinaika geti, chipata chija chotseka dziko pakamwa
munthu akangosiya kuyankhula,
ndipo pakati pa liwu ndi liwu panatsala dzenje lakuda bii.
Kompuresa inagwira mawu aakulu paphewa, kuwakhazika pansi,
n'kudzutsa aang'ono.
Rivebu kadontho chabe, monga ndimachitira ndi makwaya
ofuna kumveka ngati adzaza tchalitchi
pomwe alipo asanu ndi mmodzi.

Maola awiri. Ndinakweza feda.

"Amake Zondiwe, ndichedwa, musandidikire.
Nsapato ndazipeza ku Kamwala, zakula pang'ono
koma adzakuliramo."

Mawu oyera, osalala, ngati wowerenga nkhani pa wailesi.
Mayi uja anayang'ana sipika nthawi yaitali.
"Ameneyu ndani?
Akumveka ngati ali kale m'bokosi."

Ndinafuna kumufotokozera za madesibelo,
zonse zomwe ndinatola kwa a Chulu
zaka zisanu ndi ziwiri ndikukulunga makebulo awo.
Lilime linauma.
A Chulu omwewo ankati akaledzera:
chipinda chilichonse chili ndi phokoso lake la pansi,
ngakhale chopanda munthu.
Ukalisesa lonse, wasesa ndi pansi pomwe,
woimba aima pati?

Ndinabweza zonse mmodzimmodzi.
Geti ndinatsegula, rivebu ndinapukuta,
Kulima Tawa yonse inakhamukira m'kachipinda kanga:
mahutala, mayi wa chimanga chowotcha,
"Chelstone! Chelstone mmodzi tizipita!",
makobiri akulira m'dzanja lake,
iye akumeza malovu, akupuma ngati wathamanga,
ndipo pa sekondi ya makumi atatu ndi imodzi
kachifuwa kouma, kawiri,
komwe ine ndinayamba kudula poti ndi zinyalala.

"Imani. Bwezani pamenepo."

Ndinakamanga lupu. Kanazungulira, kanazungulira,
khoo, khoo, pakati pa nsapato ndi Kamwala.
"Ndinkamuuza ine, pitani ku kiliniki,
iye ati ndi fumbi la m'tauni."
Anaseka pang'ono. Kenako sanaseke.
Singano ya mita inkangovina pa zobiriwira,
yosadziwa kanthu.

Magetsi anathima ndisanaseve.
Palibe anadandaula,
zomwe anadzera zinali m'foni mwake kale.
Anafunsa mtengo, ndinati mugulire Zondiwe masokosi,
nsapatozo zisamamuvuke.
Anakulunganso foni m'mpango, mfundo ziwiri.

Ndinatsala mumdima, mahedifoni ali kumutu, opanda kanthu.
Wowotcherera uja ankatukwana magetsi chapatali,
denga linkathetheka ndi dzuwa,
ndipo pansi pa zonsezo panali kamluzu kochepa,
kosatha, m'khutu langa lamanzere,
komwe zaka zonsezi ndakhala ndikukanamizira makebulo.