Chilolezo cha Moto

Ku Ndirande ndinayamba kukoleza mbaula ndisanagule mano,
popanda wondifunsa dzina, popanda chidindo.
Ndinkakupiza makala ndi chivindikiro cha poto
mpaka maso kufiira psu.

Kuno ku Joni moto umayambira mu ofesi.

Lachiwiri m'mawa, pakoleji pathu ku Braamfontein,
Mayi Mokoena anandikankhira fomu pansi pa galasi.
Mudzakhalapo angati? Tsiku liti? Kuyambira nthawi yanji?
Nanga woyang'anira moto, wosalawa kanthu, ndani?
Ndinalemba Lonjezo Kambalame malo atatu
ngati wovomera mlandu asanaupalamule.

Mudikire masiku asanu, anatero.
Pakhonde la hositelo ayi. Pansi pa jakaranda ayi.
Mamita asanu kuchoka pakhoma.
Ndowa ya mchenga pambali, chozimitsira chofiira chija pafupi.
Parafini musamuyerekeze.
Teni koloko ikapeze phulusa litazizira.

Ndinatsika msewu wa Jorissen ndikuseka ndekha.
M'thumba munali mapepala awiri tsopano,
lina londilola kupuma mpweya wa eni,
lina lolola makala kuyaka maola anayi.
Ine ndi moto tonse ndife alendo,
amatiwerengera nthawi.

Loweruka linabwera ndi mphepo ya Ogasiti,
ija yochokera kumilu ya migodi, yosiya mchenga m'mano.
Kapinga anali atauma gwa.
Tshepiso anabweretsa soseji yokulunga ngati nkhata,
Ndaziona mapiko a nkhuku
ndi kambuzi amene anawoloka naye Beitbridge m'kabotolo.

Mlonda, Bambo Mthethwa, anawerenga pepala kawiri,
nayeza ndi mapazi kuchoka pakhoma,
wani, thu, fili,
nakokera chowotchera chathu patsogolo pang'ono.
Tinayang'anana. Wina anatsonya.

Nyama itayamba kulira,
mafuta anadonthera pamakala, lawi linadzuka,
mphepo inatola mbaliwali imodzi yokha
n'kukaiika pakapinga mwaulemu.
Sitinaione.
Tinamva fungo lachilendo, losakhala la nkhuku,
potembenuka pansi pakuda kale ngati lichero,
m'mphepete mukuyenda kamzere kofiira
kulunjika kumene kwatsala tchire,
kumawindo kumene anzathu anayanika zovala.

Ndowa ija ndinaiseka Lachiwiri
ndinaipeza ili kale m'manja mwanga.

Zii.
Wailesi yokha ndiyo inapitiriza kuimba.

Ndipo ndinaona mkono wa mlongo wanga Tiyanjane,
chipsera chonyezimira kuyambira pachigongono,
tsiku lija makala anali onyowa
ine n'kuthirapo parafini kuti tifulumire.
Kwathu tinati ndi tsoka, nkhani n'kuthera pomwepo.
Mpaka lero amavala malaya a manja aatali
ngakhale mu Okutobala.

Tinadya ndithu. Kambuzi anamuliza Tshepiso.
Nthawi itayandikira ndinathira madzi pang'onopang'ono,
makala akutukwana, nthunzi ikukwera
kupitirira nyali za Hillbrow.
Bambo Mthethwa anabweranso ndi tochi,
anagwada, nayandikiza kuseri kwa dzanja paphulusa
monga amachitira kholo pamphumi pa mwana wodwala malungo.
Anagwedeza mutu. Tinawapatsa phiko lomaliza.

Pepala lija ndikadali nalo,
lili ndi dontho la mafuta pamwamba pa chidindo.
Ndinalipinda kanayi, lili m'pasipoti.
Usiku womwewo ndinamuimbira Tiyanjane.
Anadabwa, anati, kwagwanji?
Ndinati palibe, timawotcha nyama basi.