Wodwala wa M'galasi

Ndamupha kanayi sabata ino,
bambo Abiliyo, wa zaka makumi asanu,
wogona chagada m'galasi la tabuleti
imene sukulu inandibwereka nditasaina mapepala atatu.

Lolemba ndinaiwala kumufunsa
mankhwala amene thupi lake limadana nawo.
Lachitatu ndinatsegula diripi mopyola,
madontho akuthamanga ngati mvula ya pamalata,
ndipo mzere wobiriwira wa mtima wake
unawongoka, kuti tantha,
ngati chingwe choyanikapo zovala.

Palibe analira. Palibe anayala mphasa.
Kabatani kanangoti: yambanso.
Uyo wadzuka, akutsokomola chifuwa chomwe chija,
osandisungira mangawa.

Kuno ku Domwe netiweki imakhala pachulu,
kuseri kwa khola la ng'ombe za amalume.
Ndimakwerapo nditafunda chitenje kutchinga dzuwa,
mametikali a kachewere wa amayi
akusungunuka kusanduka mamega.
Aphunzitsi, mayi Zeferina, ali ku Tete, akupsa ndi thukuta,
ine ndavala majuzi awiri.
Mawu awo amafika oduladula:
"Werenga kupuma... usamangoona makina...
nkhope, mwanawe, nkhope."

Abiliyo amabuula m'Chipwitikizi,
ululu wake amaupatsa nambala.
Sanena kuti m'mimba mukuyenda chinthu,
sabisa mphini pansi pa malaya,
alibe fungo,
alibe mkazi woima pakhomo
ndi kabakuli ka phala ndi maso ofunsa.
Ndinkati mumtima: unamwino wanji uwu,
wosisita galasi?

Usiku wa Loweruka anagogoda a Nasoko,
Jeremiyasi wawo ali kumsana, lende.
"Paja iwe ukuphunzira zachipatala?"
Ndinafuna kuyankha kuti ayi, zanga n'zapagalasi,
koma zala zinali zitavundukula kale kamalaya.
Tochi ya foni ndinailuma ndi mano,
ndinawerenga:
kupuma makumi asanu ndi limodzi pamphindi,
nthiti zikulowa m'kati,
timphuno tikuphiriphitha.
Ichi ndinachionapo Lachinayi,
tsiku limene ndinazengereza, mzere n'kuwongoka.

"Tisadikire kuche. Kadzutseni Fabiyao, alize njinga yamoto."

Tinakwera atatu, mwana wachinayi,
mphepo ya ku Angoniya ikucheka makutu,
dzanja langa pachifuwa chake njira yonse,
ndikudziwa kuti pano kabatani kaja palibe.
Namwino wa usiku sanandifunse dzina,
anangoti, "Wawerenga kangati?"
Ndinamuuza. Anathamanga.

Lero Jeremiyasi walavula phala,
akuti mulibe shuga.

Ine ndabwerera pachulu,
batire yatsala pang'ono, mitambo yabisa sola.
Abiliyo akundidikira ndi chifuwa chake chosatha.
Ndisanamukhudze ndasamba m'manja ndi sopo,
mpaka m'zigongono,
ng'ombe zikundiyang'ana,
ndipo ndamufunsa m'chinenero chathu,
ngakhale sadzayankha:
Mwadzuka bwanji, bambo?
Pepani za Lachinayi.