Kapu Yaulusi

Kwathu ku Chawama
kapu yanga adaimanga ulusi wofiira
kuti ana asamweremo.
Ati matenda a khunyu amayenda m'malovu.
Nditagwa pamsika wa Soweto
anthu anatola tomato wanga,
ine ayi.

Namwino Tisaine anabwera Lachinayi,
nsapato zili matope okhaokha.
Mapiritsi anawerenga pomaliza.
Anayamba wafunsa za lendi,
za wondiperekeza kupompi,
ngati usiku ndimagona
kapena ndimangomvera agalu.
Ndinayankha chowerama.

Kenaka anati ali ndi ludzu.
Apongozi anathamangira tambula ya alendo,
koma iye anali atanyamula kale yaulusi ija.
Anamwa mosafulumira, tonse tikuona,
nati, "Onjezeraniko."

Ulusiwo palibe waumasula.
Koma dzulo ndinapeza kapuyo ili yonyowa
ine ndisanamwe.