Mzukwa wa Loweruka M'mawa

Ku Saginaw, chipale chikatseka khomo,
amayi ali mtulo atachokera ku ntchito ya usiku,
ine ndi mlongo wanga Delbert tinkakhala pakapeti,
iye atagwira eriyo ya TV, mkono uli m'mwamba,
poti akangoisiya, chithunzi chinkasanduka mchenga.

Hafu seveni, limba linkalira ngati mphaka wopondedwa mchira.
Bokosi la maliro linkatseguka pang'onopang'ono,
bokosi la katoni, dzina la firiji likuonekabe pansi pa penti,
ndipo Baron Sump ankadzuka, nkhope ili mbuu ndi ufa,
mano a pulasitiki ali gwedegwede:
"Ndani wandidzutsa? Ndangogona zaka mazana atatu zokha!"

Tonse tinkadziwa kuti ndi Bambo Wozniak,
omwe madzulo ankanena zanyengo atamanga tayi.
Tinkadziwa ndithu.
Koma mapazi tinkabisa m'bulangete.

Mleme wake unali sokosi yakuda
yolendewera pa chingwe cha mbedza.
Tsiku lina chingwe chinaduka, mleme uja phava! m'kapu ya khofi.
Wina kuseri kwa kamera anaseka mpaka kutsamwa.
Baron anauvuula, naufinya, natiyang'ana:
"Ndinamuuza kale mnyamatayu kuti asiye kumwa."

Miyala ya pamanda inkagwa munthu akatsegula chitseko.
Nkhungu inkachokera mu ndowa, ndowayo tikuiona.
Nthabwala zake zinali zovunda kuposa mwini wake:
akuti mzukwa unakafunsira ulonda, anaubweza,
chikalata cha kubadwa unalibe, unali ndi cha imfa chokha.
Tinkabuula, tinkagenda TV ndi mapilo,
Lolemba n'kukaibwereza kusukulu ngati yathu.

Delbert anajambula chigaza chovala chipewa cha amayi, natumiza.
Anachionetsa chadodolido, kamphindi chabe,
dzina lake analitchula molakwika.
Mwanayo anayenda ngati wagula tauni yonse
mpaka chipale chinasungunuka.

Panalibe kutsanzika.
Loweruka lina tinangopeza makatuni ochokera kutali,
osalala, onyezimira, otsatsa zidole.
Matepi akuti anajambulirapo malonda a mipando ndi matayala.
Ndasaka paliponse. Palibe ngakhale mphindi imodzi.
Ana anga amaonera zilombo za pakompyuta,
ubweya uliwonse uli pamalo pake,
saopa, sasekanso.
Ndikawauza za sokosi ija amayang'anana.
Delbert, mboni yanga, tinamuika chaka chatha
m'bokosi lenileni, lolemera, losatseguka.

Tsopano ndimagwira ntchito kunyumba yosamalira okalamba.
Mu Novembala anabweretsa gogo wina m'chipinda 14,
wowonda, wosayankhula, wongoyang'ana denga.
Dzina lili pachitseko ndinaliwerenga osaliganizira;
a Wozniak kuno ndi ambiri.

M'mawa wina kusanache ndinalowa ndi mankhwala,
ndinayatsa getsi, n'kuwapatsa mano awo ali m'kapu.
Anawaika mkamwa mokhota. Anagwedera.
Gogoyo anadzuka pang'onopang'ono, msana uli njo,
manja opingasa pachifuwa, diso limodzi lotsinzina,
ndipo ndi mawu okhala ngati achokera pansi pa nthaka anati:
"Ndani wandidzutsa?"

Thireyi inanjenjemera m'manja mwanga.
Ine, mayi wa zaka makumi asanu ndi mphambu ziwiri,
ndinayang'ana mapazi anga, kufuna bulangete.

"Mwangogona zaka mazana atatu zokha, Baron," ndinatero.

Anaseka mpaka mano anagwera pa shiti.
Kenako anafunsa ngati kunja kukugwa chipale.
Ndinati eya.
"Ndinanena dzulo," anatero, namwa mankhwala ake.

Masana anali atandiiwala.
Koma sokosi yakuda ndaimangirira kale pa nsalu ya pawindo,
ndipo Loweruka likubwerali ndapempha shifiti ya m'mawa.