Mulu wa Mzati

Magetsi atabwera ku Chilobwe cha m'ma naini,
Mzati anatsegula laputopu yong'aluka pakona
nati, "Zione, taona chilankhulo chimene ndapanga.
Chili ndi mawu asanu basi,
ndipo sichidzalemeretsa munthu."

Ukalemba kuti sanja,
nambala imakwera pamwamba pa inzake
ngati mathileyi a mazira mumsika wa Limbe.
Ukati tola, imachoka ya pamwambayo.
Ya pansi izidikira,
ngakhale inalawirira mbandakucha.

Ndinati, koma imeneyo ndi nkhanza.
Iye: "Sunakwerepo minibasi ya ku Ndirande?
Wolowa pomaliza, wopanikizika pakhomo uja,
ndi amene amayamba kuponda pansi."

Masamu ake ndi oyenda chafutambuyo:
sanja ziwiri, sanja zitatu,
kenako ndiye uti phatikiza.
Makina ameza zonsezo, alavula faifi.
Tembenuza amasinthanitsa ziwiri za pamwamba.
Mapasa amabereka inzake yofanana nayo,
popanda mimba, popanda sikelo.

Anati andilembera dzina langa.
Mizere makumi atatu, tiyi mpaka kuzizira,
agalu a kwa aneba atatopa n'kuuwa.
Atadina batani
galasi linayankha kuti: enoiZ.

Ndinaseka mpaka kutsamwa.
Iye akukanda m'mutu, wayiwala lamulo lake lomwe,
natolanso kamodzi pomwe panalibe kanthu.
Makina, mwaulemu wonse:
"Mulu watha, bwana."

Mayunitsi anatsala awiri.
Sitinazimitse.
Tinayambanso, e poyamba.