Mfundo

Buku linali limodzi, ife makumi asanu ndi atatu.
Chikuto chinadyedwa ndi chiswe,
masamba anayi omaliza anapita kale
kukakulunga zitumbuwa pa Luchenza.
Mayi Nakhumwa ankatiwerengera mpaka mawu kusasa,
ife tikuyasamula, maso pawindo
pomwe chiperoni chinkatsetsereka m'minda ya tiyi.

Lachitatu anatseka bukulo, nati:
Mawa aliyense abwere ndi chinthu chomangira.

Ine ndinadula khonje kuseri kwa khola la amalume,
ndinapala mpaka mikono kuyabwa ngati ndagwa m'chitedze.
Sitiveliya anatola zidutswa za nsalu pansi pa makina a telala,
Dolofe anasolola ulusi ku juzi ya bambo ake,
imene amalondera nayo usiku kufakitale,
ndipo anakwapulidwa, koma ulusiwo anabwera nawo.
Ena luzi, ena thumba la feteleza,
ena makungwa ouma a nthochi.

Tinawiritsa masamba a tiyi m'chitini cha penti,
khonje analowamo woyera, natuluka wonga dothi la kwathu.
Wina tinamupaka mwaye. Wina katondo.
Tinapota pantchafu, tikulavulira m'manja,
anyamata akuchita manyazi kupinda makabudula.

Tsono, anatero Mayi, munthu aliyense wa m'nkhaniyi
mumpatse chingwe chake.
Mwamuna wopita kukasaka ndalama kutali, khonje.
Mkazi wotsala ndi ana, nsalu yofiira ija.
Ngongole ya kugolosale nayo ndi munthu,
ipatseni ulusi wakuda, muone m'mene ikwawire.
Pamene akondana, lukani.
Pamene akangana, mangani mfundo.

Mfundo yoyamba inali yophweka: tsiku la basi.
Yachiwiri tinakangana mpaka belu,
Dolofe akuti kalata yosayankhidwa si mkangano,
Sitiveliya akuti ndiye mkangano weniweniwo,
wopanda phokoso, wothina kuposa yonse.
Tinatsegulanso buku, tokha, osatumidwa,
mitu isanu ndi iwiri pa tsamba limodzi,
zala za tiyi zikusiya zidindo m'mbali mwa mawu.

Ulusi wakuda unatidabwitsa.
Sitinauone pomvetsera paja,
koma m'manja unkapezeka paliponse,
ukuzenga nsalu yofiira pakhosi.

Kenaka tinafika pamene masamba anathera.
Zingwe zinangoti lende, zopanda kolowera.

Witinesi, wachibwibwi, wa benchi yakumbuyo,
amene chaka chonse sanakwezepo dzanja,
anatenga khonje uja, namuluma, namudula.
Sa-sa-sabwera, anatero. Oterewa sabwera.
Tonse tinkadziwa za bambo ake, ndipo palibe anaseka.

Sitiveliya anatola mbali ziwirizo,
nazimanga ndi mano ndi zala.
Kubwera amabwera, anatero,
koma polumikiza pamaoneka,
ndipo ukagonera pamenepo pamabaya.

Tinatembenukira kwa Mayi kuti atiweruze.
Iwo buku lonse analiwerenga kale ali ku koleji,
mathero ankawadziwa.
Anangopukuta choko m'manja,
nakwera pa desiki, nakoleka zonse ziwiri kudenga,
chodulidwa cha gulu lina ndi cholumikiza chathu,
pafupi ndi pamene lata limadontha.

Patsiku la mayeso funso linati:
Tchulani mfundo zitatu za m'nkhaniyi.
Mutu unali mbee ngati Sapitwa m'mitambo.
Koma pansi pa desiki chala chachikulu
chinayamba kuyenda chokha pa chala chinzake,
kupapasa chingwe chomwe panalibe:
nayi ya basi,
nayi ya kalata, yothina ija,
nayi ya mano a Witinesi.

Ndinalemba, mikono ikuyabwanso.